Kuphunzitsa ana aang'ono kukhulupirira chenjezo la mumtima mwawo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene makolo, agogo ndi olera ana olankhula Chichewa muno mu Harare amafunsa mobwerezabwereza, kaya ndi ku Mufakose, Mbare, Highfield, Mabvuku, Dzivarasekwa kapena Epworth, nkhani ya chitetezo cha ana ikayambika kumsonkhano wa amayi kumpingo, kumzikiti kapena pagulu lothandizana pa maliro. Tayamba ndi mafunso osavuta, ndipo pamene yankho likukhudza nkhani yofotokozedwa pena, tangolozera komweko.

Kodi tikamati mwana akhulupirire chenjezo la mumtima mwake, tikutanthauza chiyani?

Thupi la munthu limazindikira choopsa nzeru zisanafotokoze chimene chalakwika. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kakaona ngati pali choopsa kamachititsa thupi kukonzekera kuthawa, kulimbana, kapena kuuma pamalo amodzi. N'chifukwa chake mtima umagunda mofulumira, m'mimba mumabwadamuka, m'manja mumatuluka thukuta, pakamwa pamauma, miyendo imalefuka, ndipo ena amachita tsemwe kapena kumva mkodzo mwadzidzidzi. Akuluakulufe timati tachita nthumanzi. Mwana wa zaka 4 amamva zonsezi monga momwe timamvera ife, koma alibe mawu ozifotokozera, kotero amangoti m'mimba mukumupweteka, kapena amakakamira chitenje cha amayi ake osanena kanthu.

Chenjezoli mwana amabadwa nalo, ndipo ntchito yathu si kuliika mwa iye ayi. Ntchito yathu ndi kumuthandiza kulitchula, ndi kumutsimikizira kuti akalimva ali ndi chilolezo chochoka pamalopo ndi kudzatiuza. Chimene chimalizimitsa kawirikawiri ndi mayankho athu omwe, monga akuti “palibe choopsa apa, khala chete” kapena “usandichititse manyazi pamaso pa alendo”. Mwana amene wamva mawu otere kambirimbiri amaphunzira kuti zimene thupi lake limamuuza n'zabodza.

Kodi tiyambe mwana ali ndi zaka zingati?

Yambani pamene wayamba kulankhula ziganizo zazifupi, pafupifupi pa zaka 2 kapena 3. Pa msinkhu umenewu n'zokwanira kumuphunzitsa mayina a ziwalo za thupi ndi mawu ofotokozera mmene akumvera, monga mantha, chisoni, mkwiyo ndi chimwemwe. Akamayamba ECD A, kalasi yoyamba ya sukulu ya mkaka, pamene amakhala maola angapo m'manja mwa anthu ena, ayenera kukhala akudziwa kuti angathe kukana kugwiridwa, ndiponso akudziwa akuluakulu amene angawauze chinthu chikamuvuta. Pofika Grade 1 adziwe dzina lanu lenileni, dera ndi nambala ya nyumba, ndi nambala imodzi ya foni yapamtima. Ngati mwana wanu wapitirira zaka zimenezi, yambani lero.

Kodi sitidzangowachititsa mantha ana amene anali osangalala?

Zimatengera mmene mukulankhulira. Mwana timamuphunzitsa kuwoloka msewu popanda kumufotokozera mmene munthu wogundidwa ndi galimoto amaonekera. Timangomugwira dzanja, kumuuza kuti ayang'ane uku ndi uku, n'kubwereza tsiku ndi tsiku mpaka atazolowera. Nkhani iyinso ndi chimodzimodzi: mawu ochepa, onenedwa mofatsa pomusambitsa, pomuveka kapena pomuperekeza kusukulu, amalowa bwino kuposa chilangizo chachitali chonenedwa usiku umodzi mutangomva nkhani yoopsa pa wailesi kapena pa WhatsApp. Nkhani za ana obedwa ndi ophedwa musamufotokozere mwana wamng'ono, chifukwa zimamupatsa mantha popanda kumupatsa chochita.

Kodi sikokwanira kumuuza kuti asalankhule ndi anthu osawadziwa?

Sikokwanira, ndipo lamuloli likakhala lokha limasocheretsa. Ogwira ntchito zoteteza ana padziko lonse amagwirizana kuti ana ambiri ochitidwa nkhanza zogonana amachitidwa ndi munthu amene amamudziwa: wachibale, mnansi, wochita lendi panyumba, bwenzi la makolo, wophunzitsa, kapena mwana mnzake wamkulupo. Mwana amene anangouzidwa za anthu achilendo amaganiza kuti munthu woopsa amaoneka ndi nkhope, ndipo sadzakayikira munthu amene amadya naye nsima mbale imodzi.

Komanso tsiku lina mwana adzafunika thandizo la munthu wosamudziwa. Akasochera pa Mbare Musika kapena pamalo okwerera makombi a Copacabana, onse omuzungulira adzakhala achilendo. Muphunzitseni kuima pomwepo osayendayenda, ndi kupempha thandizo kwa mayi amene ali ndi ana kapena mayi wogulitsa pa tebulo lake. Choti ayang'ane ndi zochita za munthu, osati kuti amamudziwa kapena ayi. Munthu wamkulu amene akumupempha kuti apite naye kwina makolo osadziwa, amene akumupatsa ndalama kapena maswiti n'kumuuza kuti asanene, kapena amene akupempha mwana thandizo loyenera kupempha wamkulu mnzake, ameneyo ndi wofunika kumuthawa ngakhale atakhala malume ake.

Mwambo wathu umati mwana alemekeze wamkulu aliyense. Kodi zimenezi sizikuphunzitsa ana mwano?

Funso ili ndilo limabwera kwambiri, ndipo n'loyenera kuliyankha mosamala, chifukwa ofunsawo akuteteza chinthu chabwino. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za mumzinda uno anapulumuka chifukwa chogwirizana. Kutali ndi abale a magazi, munthu wochokera ku Dedza kapena ku Mangochi ankasanduka malume kapena azakhali a ana a mnzake, ndipo mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe anali moyo weniweni wa tsiku ndi tsiku. Palibe amene akufuna kuti zimenezo zithe.

Koma ulemu ndi kumvera chilichonse n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo vuto limayamba pamene taziphatikiza. Ulemu ndi kupereka moni, kulandira chinthu ndi manja awiri, kunena kuti “inu” kwa wamkulu, kusadula mawu, ndi kupereka mpando kwa agogo. Kumvera chilichonse ndi kulowa m'chipinda chifukwa wamkulu waitana, kukhala chete chifukwa wamkulu walamula, ndi kupirira kugwiridwa chifukwa kukana kungaoneke ngati mwano. Munthu wofuna kuchita mwana choipa amadziwa bwino kuti ana athu analeredwa kuti asatsutse wamkulu, ndipo amagwiritsa ntchito maleredwe omwewo ngati chida chake. Mwana wofatsa ndi womvera, amene timamuyamikira pagulu, nthawi zambiri ndiye amene amavutika kwambiri kunena kuti ayi.

Choncho muuzeni mwana momveka kuti, “Mwanangu, akuluakulu uziwapatsa ulemu, koma wamkulu aliyense akakuuza chinthu chimene chakuchititsa mantha, ungathe kukana ndi kubwera kwa ine, ndipo sindidzakukalipira.” Mawu omalizawo ndi ofunika kuposa onse, ndipo muyenera kuwasunga tsiku limene adzakane munthu amene inu mumamulemekeza. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013, m'gawo 81, amapatsa mwana aliyense wosafika zaka 18 ufulu womvedwa ndi ufulu wotetezedwa ku nkhanza za mtundu uliwonse. Ufulu womvedwawo umayambira pakhomo.

Mwana wanga amakana kukumbatira achibale kapena kukhala pamiyendo pawo. Ndimukakamize?

Musamukakamize. Moni apereke ndithu, koma ndi mawu, pogwada kapena powomba m'manja mwaulemu, ndipo zimenezo zakwana. Kukumbatira, kupsompsona, kugirigisha ndi kukhala pamiyendo zikhale zimene iye wafuna. Wachibale akakhumudwa, yankhani inu m'malo mwa mwanayo kuti, “Pepani achimwene, tikumuphunzitsa kuti thupi ndi lake, moni wakupatsani kale.” Mwana amene waona amayi kapena abambo ake akumuikira kumbuyo pa kanthu kakang'ono ngati aka amakhulupirira kuti adzamuikiranso kumbuyo pa nkhani yaikulu.

Tiyeneranso kusiya nthabwala zimene akuluakulu ena amachita potchula kamtsikana kuti mkazi wawo kapena kamnyamata kuti mwamuna wawo, makamaka zikaphatikizapo kugwira thupi. Ambiri sazichita ndi cholinga choipa, koma zimasokoneza mwana pa malire amene tikufuna kuti awadziwe, ndipo zimabisa munthu mmodzi uja amene ali ndi cholinga choipa pakati pa ambiri osalakwa.

Kodi ziwalo zobisika tizitchule bwanji, popeza mayina ake ndi olaula?

N'zoona kuti ambirife tinakula osamva makolo athu akutchula mayinawa. Komabe mwana amene alibe dzina la chiwalo sangathe kunena chimene chamuchitikira, ndipo mayina ongopeka a pakhomo amasokoneza aphunzitsi, anamwino ndi apolisi pamene mwana akufotokoza. Ngati mayina a Chichewa akukulemerani pakamwa, gwiritsani ntchito amene anamwino amatchula kukiliniki, bola akhale mayina amene munthu wina wamkulu angawamve. Lamulo lake likhale lalifupi: malo amene kabudula wamkati amaphimba, chifuwa ndi pakamwa, palibe woyenera kuwagwira, kuwaona, kuwajambula kapena kuuza mwana kuti agwire ake. Kupatulapo ndi pomusambitsa akadali wamng'ono, ndi kuchipatala kholo lili pomwepo.

Nanga za zinsinsi timuuze chiyani?

Muuzeni kuti pakhomo panu palibe chinsinsi chokhudza thupi, mphatso kapena malo amene wapita. Pali zinthu zimene timabisa kwa kanthawi kuti tidzasangalatse munthu, monga mphatso ya agogo pa Khrisimasi, ndipo zimenezi zimakhala ndi tsiku loululika. Chinsinsi choopsa chilibe tsiku loululika, ndipo chimabwera ndi chiopsezo monga chakuti “ukanena amayi ako adzafa”, “adzakumenya iweyo” kapena “palibe adzakukhulupirire”. Muuziretu mwana kuti mawu otere ndi abodza, ndipo akawamva ndiye kuti nkhaniyo ndi yofunika kuinena tsiku lomwelo. Inunso pewani kumuuza kuti “usawauze abambo ako” pa tinthu ta pakhomo, chifukwa mukumuzoloweza kusunga zinsinsi za akuluakulu.

Akamva chenjezolo, achite chiyani kwenikweni?

Akane mokweza, achoke kupita kumene kuli anthu, ndipo auze wamkulu amene amamukhulupirira. Ngati woyambayo sanamvetsere, auze wina, mpaka atapezeka womumvera. Muwerengere naye pa zala za dzanja limodzi akuluakulu asanu amene angawauze, ndipo asankhe yekha. Mmodzi kapena awiri akhale a kunja kwa nyumba yanu, monga aphunzitsi kapena mayi wa kumpingo. Ngati wasiya dzina la munthu amene inu mumayembekezera kuti amutchula, musamukakamize kuliika, koma zisungeni mumtima ndi kuyamba kuyang'anitsitsa.

Yesererani ngati masewera. Funsani kuti, “Munthu atakuuza kuti amayi ako andituma ndikutenge, ungatani?” ndipo muloleni ayankhe, afuule, athamange. Mabanja ena amagwirizana mawu achinsinsi a banja amene aliyense wotumidwa kukatenga mwana ayenera kuwatchula. Dziwaninso kuti ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amauma osatha kufuula kapena kuthawa choopsa chikafika, monga tafotokozera m'yankho loyamba. Muuzeni kuti ngakhale atalephera kukana, ngakhale atalandira maswitiwo, ngakhale patapita masiku ambiri, mlandu si wake ndipo angathe kunena nthawi iliyonse.

Ana athu amalankhula Chishona ndi Chingerezi kuposa Chichewa. Tiwaphunzitse m'chilankhulo chiti?

Za mumtima mukambirane m'chilankhulo chimene mwana amadandaulira akapwetekedwa, chifukwa ndi chimene adzagwiritse ntchito pokuuzani. Koma mawu ofuula panja akhale amene anthu a mumsewu angamve msanga, ndipo mu Harare ndi Chishona. Mwana wofuula kuti “Ndibatsirei!” (ndithandizeni) kapena “Ava havasi baba vangu!” (awa si abambo anga) amatembenuza mitu ya anthu, pamene mwana wongolira anthu amaganiza kuti akuvutitsa kholo lake.

Ndi malo ati a moyo wathu wa tsiku ndi tsiku amene tiyenera kukambirana ndi ana?

Oyamba ndi nyumba yomwe. Mabanja ambiri amachita lendi chipinda chimodzi kapena ziwiri m'nyumba ya mabanja angapo, bafa ndi chimbudzi zili zogawana, ndipo makolo amachoka mbandakucha kukagulitsa kapena kukagwira ntchito. Lamulo likhale lakuti mwana salowa m'chipinda cha munthu wina popanda kukuuzani, ngakhale ataitanidwa kukaonera TV kapena kukatenga chakudya, ndipo akatumidwa ndi mnansi apereke chinthucho pakhomo.

Achiwiri ndi pamjigo. Chifukwa cha kusowa kwa madzi m'mipopi, ana amaima pamzere nthawi zina kunja kuli mdima, ndipo pamakhala anthu amene amadzipatsa mphamvu zoyang'anira mzerewo. Mwana wamng'ono asapite yekha, ndipo adziwe kuti wina akamulonjeza kumudumphitsa mzere kuti amuperekeze kwina, asiye chigubucho abwere kunyumba. Muuzeni mawu amenewa ndithu, chifukwa ana ambiri amaopa kutaya chigubu kapena chenji kuposa kuopa munthu.

Palinso ulendo wa kusukulu pa kombi kapena pa mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo), maphunziro apadera a kunyumba kwa mphunzitsi, mapemphero amene mwana amaitanidwa yekha kuti akapemphereredwe, ndi maliro, pamene akuluakulu amagona pasiwa ana n'kugonekedwa m'nyumba za anansi pamodzi ndi anthu osiyanasiyana. Pa zonsezi funso la kholo ndi limodzi: kodi pali nthawi imene mwana akhala yekha ndi munthu mmodzi chitseko chili chotseka?

Mwana wanga amaopa zinthu zambiri zosaopsa, monga jakisoni, mdima ndi gule. Ndidziwa bwanji mantha enieni?

Mantha onse ndi enieni kwa mwanayo, ngakhale chinthucho chisakhale choopsa. Musamuseke kapena kumunena kuti ndi wamantha. Vomerezani kaye kuti mwaona kuti waopa, kenako fufuzani naye limodzi. Pa jakisoni mungamuuze kuti apweteka pang'ono, ndi wa thanzi lake, ndipo inu muli pomwepo. Pamenepo akuphunzira kuti pali mantha amene timapirira pamene tikudziwa chifukwa chake, pamene zikuchitika poyera, ndipo wotikonda ali nafe. Mantha ofunika kuthawa ndi amene amabwera ndi kubisa, kukakamizidwa ndi kusowa potulukira.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kusintha. Mwana amene ankakonda kupita kwa munthu wina n'kuyamba kukana mwadzidzidzi, amene wayambiranso kukodza pogona, kulota zoopsa, kusadya, kapena kudziwa za kugonana zoposa msinkhu wake, akukuuzani kanthu. Zizindikirozi zingabwerenso ndi zifukwa zina, monga matenda kapena imfa pabanja, koma n'zosayenera kuzinyalanyaza. Kumvera mwana kakhumi pa zinthu zimene zapezeka kuti n'zosaopsa sikutaya kanthu, chifukwa ndi kumene kumamubweretsa kwa inu tsiku la choopsa chenicheni.

Kodi chenjezo la mumtima limagwira ntchito nthawi zonse?

Ayi, ndipo apa makolo asanamizidwe. Anthu ambiri ochitira ana nkhanza sayamba ndi kuopseza. Amayamba ndi kukoma mtima kwa miyezi, kugulira mwana zinthu, kuthandiza banja ndi ndalama ya sukulu kapena ya lendi, kudzipereka kumulera makolo akachoka, ndi kumuzoloweza kugwiridwa pang'onopang'ono, kotero kuti mwana samva mantha konse, mwinanso amamukonda munthuyo. N'chifukwa chake malamulo a ziwalo zobisika ndi a zinsinsi, amene tafotokoza pamwambapa, ayenera kuyendera limodzi ndi chenjezo la mumtima: amagwira ntchito ngakhale pamene mwana sakumva choipa chilichonse.

Udindo woteteza mwana ndi wa akuluakulu. Mwana wa zaka 5 sangapatsidwe ntchito yodziteteza kwa munthu wamkulu amene wakonzekera kumunyenga. Inunso muli ndi nthumanzi yanu, ndipo munthu akamafunitsitsa kukhala yekha ndi mwana wanu kuposa kucheza ndi akuluakulu anzake, simufunika umboni kuti muchepetse mpata umenewo.

Kodi anyamata nawonso afunika kuphunzitsidwa zimenezi?

Inde, mofanana ndi atsikana. Anyamata nawo amachitidwa nkhanza, ndipo amavutika kwambiri kunena chifukwa timawauza kuti mwamuna salira.

Nanga mafoni?

Ana aang'ono ambiri amaseweretsa foni ya kholo kapena ya mkulu wawo. Malamulo ndi omwewo: satumiza chithunzi cha thupi lake, sayankha munthu amene kholo silimudziwa, ndipo akaona chinthu chomusokoneza amabweretsa foniyo kwa inu. Mulonjezeni kuti simudzamulanga chifukwa chokuonetsani, apo ayi adzabisa poopa kulandidwa foniyo.

Mwana akandiuza kuti wina wamuchita choipa, ndichite chiyani?

Khalani pansi, pumani, ndipo mvetserani mpaka amalize. Mawu oyamba akhale akuti, “Ndakukhulupirira, wachita bwino kundiuza, ndipo si mlandu wako.” Musakuwe, musamumenye, ndipo musamufunse chifukwa chake sananene msanga kapena chimene ankakafuna kumeneko. Musamuike mawu m'kamwa, koma mufunseni kuti “kenako chinachitika n'chiyani?”, ndipo pambuyo pake lembani zimene wanena m'mawu ake omwe. Onetsetsani kuti munthuyo sakhalanso pafupi ndi mwanayo.

Ngati pachitika zogonana, pitani naye kuchipatala mwamsanga musanamusambitse kapena kuchapa zovala zake. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira kumathandiza kwambiri. Pachipatala cha Sally Mugabe Central, chimene ambiri amachitcha Gomo, pali kiliniki yothandiza ana ochitidwa nkhanza zotere, ndipo kiliniki ya m'dera lanu ingakutumizeni koyenera. Kupolisi funsani Victim Friendly Unit, nthambi ya apolisi ophunzitsidwa kulankhula ndi ana. Childline Zimbabwe, bungwe lothandiza ana limene linayamba mu 1997, imayankha pa nambala yaulere ya 116 usana ndi usiku, ndipo mungaimbe ngakhale pamene mukungokayikira.

Ngati wochita zimenezi ndi wachibale kapena amene amatithandiza, kodi sitingakambirane pabanja?

Nkhanza zogonana ndi mwana ndi mlandu waukulu pa malamulo a Zimbabwe, ndipo sizithetsedwa ndi kupepesa, kulipira mbuzi kapena ndalama, kapena kutumiza wolakwayo kumudzi, kumene adzapeze ana ena. Tikudziwa kuti mabanja ena amaopa kupita kupolisi chifukwa mapepala awo a unzika kapena kalata ya kubadwa ya mwana sizinalongosoke, vuto limene lasautsa mbumba za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kwa zaka zambiri. Gawo 81 lija limanena za mwana aliyense, ndipo ngati mukuopa kuyambira kupolisi, yambirani ku 116 kapena kuchipatala kuti akuperekezeni. M'makhoti okonzedwera nkhani zotere mwana amatha kupereka umboni ali m'chipinda china, kudzera mwa munthu wophunzitsidwa, osayang'anizana ndi womuchitira nkhanzayo.

Ana akapita kutchuthi kwa achibale kumafamu kapena kumudzi ku Malawi, tiwakonzekeretse bwanji?

Bwerezani nawo malamulo a thupi ndi a zinsinsi asananyamuke, ndipo sankhani nawo wamkulu mmodzi kapena awiri a kumeneko amene angawauze vuto. Funsani pasadakhale kuti adzagona ndi yani, ndipo uzani owalandira, mwaulemu koma momveka, zimene mumawaphunzitsa pakhomo. Poimba foni pemphani kulankhula ndi mwana aliyense payekha, ndipo gwirizanani mawu wamba amene akawanena mudziwa kuti akufuna kutengedwa, chifukwa mwina sangalankhule momasuka achibale ali pafupi. Akadzabwera, m'malo mofunsa ngati anali womvera, mufunseni chimene chinamusangalatsa ndi chimene sichinamusangalatse. Ku Malawi nambala yaulere yothandiza ana ndi 116 yomweyo, kotero mwana amene waiphunzira mu Harare angathe kuigwiritsa ntchito kumenekonso.